MPIKISANO WA MAGALIMOTO PA MSEU WOTSEKA



Masiku apitawa ndinalandira kalata yocokera kwa mnzathu wina wa ku Mufulira amene agwira nchito yokonza makina pansi pa mgodi. Akuti tsiku lina anatsutsana kwambiri ndi anzace pa nthawi ya cakudya. Mmodzi anati kuli dziko kumene munthu wamba aloledwa kuthamangitsa galimoto yace pa mseu wa Boma monga afunira, apolisi ali ciriri osamgwira. Ena anati limenelo ndi bodza la pa mowa. Tsono apempha ine kuti ndiweruze mlanduwo. Ndiyesa, koma ndinene poyamba kuti palibe amene atuluke m'bwalo muno ali wokondwa kotheratu, cifukwa onse awiri analasa pambali.

Dzikolo liripodi. Ndi cigawo ca Nevada, kumadzulo kwa United States of America, dziko louma la mapiri ndi zigwa zazitali zopanda mitengo. Kumeneko kuli tauni yaing'ono dzina lace Ely, ya anthu ngati 4,000. Inu a ku Nkana ndi a ku Nchanga mukadafikako simukadacita cilendo, pakuti ndi tauni ya mkuwa. Kampani ya Kennecott inali kukumba mkuwa pafupi ndi mudzi wa Ruth ndi kuusungunula ku McGill, kufikira inaleka kukumba m'caka ca 1978, ndipo ng'anjo yace inazima mu 1983. Cimene cigwera tauni mgodi ukatseka sindicita kukuuzani. A ku Kabwe anaciona mu 1994. Mgodi wa kumeneko unatsegulidwanso pambuyo pace, koma pa zaka za njala zija, mu 1988, ndi pamene unayamba mpikisano wochedwa Silver State Classic Challenge, umene ubweretsa alendo ambiri m'mahotela ndi m'masitolo a ku Ely.

Mpikisanowo ucitika mwezi wa September pa mseu wa nambala 318, kuyambira pafupi ndi mudzi wa Lund kupita kumwera mpaka pafupi ndi Hiko. Utali wace ndi mamailosi 90, ndiko kuti makilomita 145, ngati kucokera ku Lusaka kufika ku Kabwe. Mwezi wa May kumakhala unzace pa mseu womwewo. Masiku ena onse mseuwo ndi wa anthu onse, wa malole ndi wa alimi oweta ng'ombe. Pa tsiku la mpikisano Boma la Nevada liutseka kwa maola owerengeka. Olowa mpikisano si akatswiri olipidwa iai. Ndi amakaniko, amalonda, madokotala, ankhalamba opumula pa nchito, amuna ndi akazi omwe, ndipo alipira okha ndalama zolowera, petulo ndi matayala. Ambiri abwera ndi galimoto yomwe ayendera masiku onse.

Tsono apa ndi pamene mnzathu uja anasokera. Mwa anthu onse olowa, owerengeka okha ndiwo aloledwa kuthamanga monga afunira. Otsalawo ayamba alonjeza. Munthu asankhiratu liwiro limene adzasunga pa ulendo wonse, kaya mamailosi 95 pa ola, kaya 110, kaya 150, ndipo amuika m'gulu la anzace amene anasankha comweco. Wopambana m'gulumo si amene wafika msanga; ndi amene wafika pa nthawi yeniyeni imene liwiro lace lifuna. Wofulumira ndi sekondi imodzi walakwa cimodzimodzi ndi wocedwa ndi sekondi imodzi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, ngati tiri m'kalasi. Munthu wosankha mamailosi 100 pa ola ayenera kutha mamailosi 90 pa mphindi 54 ndendende, ndiko kuti mailo iriyonse pa masekondi 36. Wosankha 150 ali ndi mphindi 36, mailo iriyonse masekondi 24. Kumva kokha cikhala ngati capafupi: ungoika singano pa 100 ndi kugwira phazi pomwepo. Koma galimoto iyamba iri ciimire, ndipo masekondi otayika ponyamuka ayenera kubwezedwa. Singano ya liwiro m'magalimoto ambiri imanama pang'ono. Mseu ukwera ndi kutsika. Ndiponso cakumapeto kuli malo ochedwa The Narrows, kumene mseu ulowa pakati pa matanthwe ndi kukhotakhota, kotero kuti anthu ambiri acepetsa liwiro. Wocenjera asungiratu masekondi angapo pa mseu woongoka, monga mai asunga ufa wa m'masiku otsiriza a mwezi, kuti akaadye pofika m'makhotemo. Komanso sangasunge mopitirira, cifukwa gulu liri lonse liri ndi malire a liwiro amene munthu sayenera kupyola ngakhale kamphindi. Oweruza ali ndi makina oyesera liwiro m'njira, ndipo wopyola malirewo acotsedwa mu mpikisano. Pomaliza, opambana amasiyana ndi nthawi yao yolonjeza ndi kacigawo kakang'ono ka sekondi, kocepa kuposa kuphethira kwa diso.

Cifukwa ca ici ambiri apita awiri. Woyendetsa ayang'ana mseu. Mnzace akhala pambali ndi wochi ndi pepala lolembapo nthawi imene ayenera kufika pa cizindikiro ca mailo iriyonse. Akapita pa cizindikiro anena, "Tacedwa ndi sekondi imodzi," kapena "Tatsogola, bweza phazi." Nthawi zambiri wa wochiyo ndi mkazi wa woyendetsa, kapena mwana wace. Ine ndiganiza kuti banja limene lingathe kuwerenga masekondi pamodzi kwa mphindi 54 popanda kukangana silidzabvuta ankhoswe.

Nchito ya munthu wa pambaliyo inachuka kale. Ku Italy kunali mpikisano wochedwa Mille Miglia, wa mamailosi pafupifupi 1,000, kucokera ku Brescia kupita ku Rome ndi kubwerera. Unayamba mu 1927. M'caka ca 1955 Mngelezi Stirling Moss anaupambana pa maola 10, mphindi 7 ndi masekondi 48, ali m'galimoto ya Mercedes-Benz. Pambali pace panali mtolankhani Denis Jenkinson, amene analemberatu makhota ndi zitunda za njira yonse pa cipepala cacitali cokulunga. Popeza injini inali kusokosa, anali kumuuza ndi manja zimene ziri kutsogolo, ndipo Moss anali kukwera zitunda pa liwiro lonse asanaone za kuseri, kukhulupirira dzanja la mnzace basi.

Koma Mille Miglia inatha moipa, ndipo mathero ace ndiwo atiphunzitsa cifukwa cimene a ku Nevada acitira zimene acita. Njira yace inali kupyola m'midzi ndi m'matauni, anthu ali ndandanda m'mphepete mwa mseu popanda cowachinga. Mu 1957, pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo, tayala la Ferrari ya Alfonso de Portago linaphulika. Anafa iye, anafa mnzace Edmund Nelson, anafanso anthu 9 oonerera, ndipo 5 mwa iwo anali ana. Mpikisanowo unalekeka caka comweco. De Portago anadziwa cimene analowa. Ana aja anangopita kukaona magalimoto.

Ncifukwa cace mpikisano wa ku Nevada uli m'cipululu, ndipo kutseka mseu ndiyo nchito yaikuru koposa zonse. Pa zipata ndi pa tinjira tolowa mu mseu aikapo anthu odzipereka, ali ndi wailesi zolankhulirana, kuti pasalowe galimoto kapena munthu, ndi kuti anene msanga ngati paoneka ciweto kapena ngozi. Maambulansi ndi ozimitsa moto adikira m'malo mwao. Khamu la oonerera saliloleza m'mbali mwa mseu. Wofuna kuona alembetsa kukhala mlonda wa pa cipata. Magalimoto sanyamuka pamodzi iai. Awatulutsa imodzi imodzi, patapita kanthawi, kuti asapanikizane. Motero munthu apikisana ndi wochi, ndipo kawirikawiri atha ulendo wonse wosaona mnzace.

Galimoto isanaloledwe, ayamba aiyesa. Wolowa koyamba amphunzitsa, ndipo sangadumphire m'gulu la liwiro lalikuru asanayambe pansi. Onse abvala cisote colimba, monga inu polowa mu mgodi. Liwiro likamakwera, zofunika zicuruka: malamba omanga mapewa ndi ciuno, zobvala zosagwira moto, ndi zitsulo zouma zomangidwa m'kati mwa galimoto kuti denga lisamphwanye munthu ikagubuduka. Koma cimene oyesawo ayang'anitsitsa ndi matayala, ndipo apa ndifuna mumvetsere bwino, cifukwa cikhudza ndi inu omwe.

Tayala likamazungulira limapindika pamene lakhudza pansi ndi kuongokanso, ndipo kupindikako kulitenthetsa. Liwiro likakula kutentha kukula, makamaka ngati mpweya uli wocepa, kufikira mpira ulekana ndi nsaru ndi mawaya a m'kati. Pa mbali ya tayala liri lonse pali cilembo conena liwiro limene lingapirire. T atanthauza mamailosi 118 pa ola, H 130, V 149, W 168, Y 186. Palinso manambala anai onena sabata ndi caka cimene linapangidwa: 2319 ndi sabata la 23 la caka ca 2019. Mpira umakalamba ngakhale mano ace akali bwino. Ine ndinaphunzira ici mocititsa manyazi. Ndinagula tayala lakale pa msika, la mano okongola, ndikudziyesa wocenjera, ndipo linaphulika tisanafike pa Kapiri Mposhi, ine ndi apongozi anga tiri m'kati. Tinali kuyenda pang'onopang'ono, tinangokhalira kumva dzuwa m'mbali mwa mseu. Apongoziwo sananene kanthu, ndipo kukhala cete kwaoko ndikumvabe mpaka lero.

Tibwere kwa owerengeka aja opanda malire, amene gulu lao alicha Unlimited. Awa ndiwo acititsa kuti mpikisano umveke kutali. Mwezi wa May 2000 Chuck Shafer ndi Gary Bockman anatha njira yonse pa mamailosi 207 pa ola. Mu 2012 Jim Peruto anafika 217. Mu 2017 Robert Allyn ndi David Bauer anafika 219, ndiko kuti mamailosi 90 osakwanitsa mphindi 25. Taganizani kunyamuka ku Lusaka nsima iri pa moto ndi kukafika ku Kabwe isanapakulidwe. Pa mamailosi 200 pa ola galimoto idumpha mayadi pafupifupi 98 pa sekondi imodzi, pafupifupi bwalo lonse la mpira. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto uwirikiza kanai.

Sindifuna kukubisirani: anthu afa pa mseu umenewu ngakhale pali malamulo onsewa. Mu September 2011 amuna awiri, woyendetsa ndi mnzace, anafera m'galimoto imodzi imene inagubuduka pa liwiro lalikuru, ndipo sanali oyamba. Ena anena kuti masewera otere ayenera kuletsedwa. Ine sindipita nao kumeneko, cifukwa munthu wamkuru amene wasankha yekha, pa mseu wopanda mwana, wopanda njinga, wopanda basi, aika pa ngozi moyo wace wokha ndi wa mnzace amene wabvomera. Koma kunena zoona, a mamailosi 219 sandicititsa kaso kwambiri. Zao zifuna ndalama zambiri ndi mtima wouma. Amene ndiwasirira ndi mkulu uja ndi mkazi wace a m'gulu la 100, amene galimoto yao ingathe kupita kuposa pamenepo, mseu uli mbee kutsogolo, wapolisi palibe, koma agwira phazi cifukwa wochi yanena.

Mipikisano yotere iriponso kwina m'dzikomo. Ku Texas atseka mseu wa nambala 285 pakati pa Fort Stockton ndi Sanderson, mamailosi 59 kupita ndi 59 kubwerera, ndipo ku Nebraska anthu a mudzi wa Arnold ali ndi wao. Konseko ndi malo a anthu ocepa, kumene mseu ungatsekedwe m'mawa popanda kutsekereza odwala njira ya ku cipatala. Mseu wa Ndola ndi Kitwe suli wotero. Kuno kwathu wokonda liwiro ali ndi mipikisano ya rally, imene iri ndi malamulo ace ndi oyang'anira ace, ndipo Satwant Singh wa dziko lino anakhala katswiri wa Africa yense kangapo konse pa masewerawo.

Tsono inu a ku Mufulira, kauzeni anzanu ciweruzo canga. Amene anati mseu wotere ulipo wanena zoona. Amene anati munthu wamba sangothamanga monga afunira wanenanso zoona. Ngati munabecherana kanthu, mugawane pakati. Amene muli ndi magalimoto, mawa kukaca mukawerenge manambala anai aja pa matayala anu, ndipo mundilembere zimene mwapeza. Sabata la mawa pa nthawi yomwe ino tidzayankha makalata ena. Gonani bwino nonse.