Ukaona Mano, Wadziwa Chakudya

Mawu oyankhulidwa kwa makolo ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu

 Lero tikambirana za mano. Tiona mano a mbuzi, a galu, a khoswe, kenaka a ana athu omwe.

Kuno ku Mbombwe sukulu si chinthu chachilendo. M'busa John Chilembwe adatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission pompano m'chaka cha 1900. Ana ankaphunzira kuwerenga ndi kulemba, komanso ntchito za manja monga kusoka ndi kulima. Phunziro lathu la lero nalonso ndi la maso ndi manja. Silifuna choko ayi. Khola limene lili kuseri kwa nyumba yanu ndilo kalasi, ndipo aphunzitsi ake ndinu.

Mfundo yake ndi imodzi yokha: ukaona mano a nyama, wadziwa chimene imadya. Mwana wa zaka 4 kapena 5 angathe kuimva bwinobwino.

Mano ali ngati zida

Pakhomo timakhala ndi zida zosiyanasiyana. Mpeni timadulira. Mkondo umabaya. Mphero timaperera mawere. M'kamwa namonso ndi chimodzimodzi. Mano akutsogolo ndi odulira. Mano osongoka a m'mbali ndi obayira ndi kung'ambira. Mano aakulu a kumbuyo ndi operera. Mwana akadziwa mitundu 3 imeneyi, zina zonse sizivuta.

Mbuzi ndi ng'ombe

Ndikufunseni. Kodi mbuzi ili ndi mano angati akutsogolo m'mwambamu? Ena mukuti 4, ena mukuti 6. Yankho lake ndi lakuti ilibe ndi limodzi lomwe. M'mwamba muli nkhama zolimba ngati chikopa basi. Mano akutsogolo ali m'munsi mokha, ndipo alipo 8. Mbuzi imapana tsamba pakati pa manowo ndi nkhama, n'kulithothola. Kumbuyo kuli mano operera 24. Onse pamodzi alipo 32.

Ng'ombe nayo ndi choncho. Inu amene muli ndi ng'ombe za mkaka, onetsani mwana m'mene imakolera nsenjere ndi lilime. Imameza msangamsanga osatafuna kwenikweni. Ikagona pansi imabweza chakudya chija n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono. Kumeneko ndiye kubzikula. Nsagwada zimayenda cham'mbali ngati mayi akupera pamphero. Udzu ndi wolimba, umafuna kuperedwa kawiri. Ndiye chifukwa chake chifu cha ng'ombe ndi cha mbuzi chili ndi zigawo 4.

Phunziro limeneli lili ndi ndalama m'kati. Mano amaulula zaka za mbuzi. Kamwana ka mbuzi kamakhala ndi timano 8 ting'onoting'ono. Ikakwana chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, timano 2 tapakati timaguluka ndipo pamamera mano 2 aakulu. Pa zaka 2 mano aakulu amakhala 4. Pa zaka 3 amakhala 6. Pofika zaka 4 onse 8 amakhala aakulu. Ikakalamba manowo amaperepeseka, amatalikirana, ena n'kugwa. Mbuzi yotere siidya mokwanira. Imawonda, ndipo mkaka wa ana ake umachepa.

Tsono wogulitsa akakuuzani kuti, "Iyi ndi msoti, sinaberekepo," musangovomera. Tsegulani pakamwa pake muone. Safunsa anadya phula. Mwana amene waphunzira kuwerenga mano a mbuzi sadzanamizidwa pamsika akadzakula.

Galu, mphaka ndi fisi

Galu akamayasamula, uzani mwana ayang'ane ali chapatali. Adzaona mano 4 aatali osongoka, 2 m'mwamba ndi 2 m'munsi. Amenewa ndi ogwirira ndi kung'ambira nyama. Mano a kumbuyo ndi akuthwa, amadula ngati sizasi. Galu wamkulu ali ndi mano 42. Mphaka ali ndi 30. Nsagwada zawo zimangoyenda m'mwamba ndi pansi, siziyenda cham'mbali. Ndiye mumaona galu akungodula nyama n'kumeza. Inde, agalu athu amadya mkute ndi madeya, koma mano awo ndi a mlenje.

Fisi ndiye katswiri. Mano ake amaphwanya ngakhale fupa la mwendo wa ng'ombe. Ndowe zake zikauma zimayera mbee chifukwa cha mafupa amene wadya.

Koma tisaphunzitse ana kuti dzino lalitali lililonse ndi lodyera nyama. Mvuu za mu mtsinje wa Shire zili ndi mano aatali oopsa, chonsecho chakudya chake ndi udzu. Mano aataliwo ndi omenyera nkhondo. Udzu imamweta ndi milomo, n'kupera ndi mano a kumbuyo. Minyanga ya njovu, monga za ku Liwonde ndi ku Majete, nayo ndi mano, koma njovu imadya masamba, udzu ndi makungwa. Choncho ukafuna kudziwa zoona, yang'ana mano a kumbuyo.

Khoswe ndi nkhuku

Khoswe ali ndi mano 4 akutsogolo, akuthwa ngati tchizulo cha kalipentala. Manowa saleka kukula mpaka khoswe atafa. Kuti asatalike kwambiri, khoswe ayenera kumangoteketa. Ndiye chifukwa chake amaboola thumba, lichero, ngakhale chitseko. Mwana akamvetsa zimenezi, adziwanso chifukwa chimene timasungira mphaka ndi kusamalira nkhokwe.

Nanga nkhuku? Nkhuku zakuda za Mikolongwe tonse timazidziwa, pakuti Mikolongwe ali m'boma lathu lomwe lino. Nkhuku, kaya ya Mikolongwe kaya yachikuda, ilibe dzino. Nanga chimanga imatafuna ndi chiyani? Imameza timiyala. Timiyalato timakakhala mu nthutumba, ndipo m'menemo ndi m'mene chimanga chimaperedwa. Tsiku lopha nkhuku itanani ana. Ng'ambani nthutumba iwo akuona, awerenge timiyalato. Sadzaiwala.

Nkhumba ndi munthu

Nkhumba imadya zonse: madeya, mbatata, masamba, ngakhale nyama. Mano ake alipo 44, ndipo mitundu yonse 3 ija ilimo. Ife anthu tilinso chomwecho. Tili ndi odulira, ong'ambira ndi operera. Mano athu akutiuza kuti thupi lathu limafuna zakudya zakasinthasintha. Nsima yokha ndi yosakwanira. Mwana amafunanso nandolo, nsinjiro, usipa, mazira, mkaka, masamba ndi zipatso.

Mano a mwana wanu

Apa ndiye mutchere khutu. Mwana amayamba kumera mano ali ndi miyezi pafupifupi 6. Pofika zaka 3 amakhala ndi mano 20. Awa ndi mano oyamba. Amayamba kuguluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32.

Pa zaka 6 zomwezo, kumbuyo kwenikweni kumamera mano 4 aakulu operera. Amamera mwakachetechete, popanda dzino lina kuguluka. Makolo ambiri amayesa kuti ndi mano oyamba. Likayamba kubooka amati, "Lisiyeni, liguluka lokha, limera lina." Ayi ndithu, amenewa sabwera kawiri. Ng'ona ikataya dzino imamera lina moyo wake wonse. Munthu sali choncho. Dzino lachikulu likazulidwa, lapita basi.

Chimene chimaboola mano ndi shuga wotsalira m'kamwa. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shugayo n'kutulutsa zowawasa zimene zimadya dzino. Choncho maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera zisakhale za tsiku ndi tsiku. Mwana atsuke mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, ndi mswachi ndi mankhwala otsukira mano. Mwana wamng'ono muzimutsuka ndinu. Asatsegule botolo ndi mano. Mukaona kadontho kakuda pa dzino, pitani naye kuchipatala lisanayambe kuwawa.

Tiwaphunzitse bwanji?

Choyamba, funsani mafunso m'malo mongowauza. "Kodi mbuzi ija ikutafuna chiyani, poti yagona pansi?" Mulekeni mwana aganize kaye.

Chachiwiri, mukapha mbuzi musataye nsagwada. Ziwiritseni, muzitsuke, muziyanike padzuwa. Ana azigwire ndi kuwerenga mano. Apo aphunziranso masamu.

Chachitatu, mpatseni mwana gwafa ndi mtedza. Mufunseni kuti waluma ndi mano ati, nanga watafuna ndi mano ati. Adziyang'ane pagalasi.

Chachinayi, ana amakonda kuumba ng'ombe zadothi. Auzeni aumbenso pakamwa pa galu ndi pa mbuzi. Minga ikhale mano a galu, njere za chimanga zikhale mano a mbuzi.

Chachisanu, madzulo pamoto apangireni ndagi zanuzanu. "Ndagi!" "Gize!" "Mphero yanga ndimayenda nayo m'mimba." Amene anaona nthutumba ayankha msanga kuti ndi nkhuku.

Chenjezo

Pakamwa pa mbuzi azitsegula ndi munthu wamkulu, ndipo zala zisafike kumbuyo, chifukwa mano operera aja amatema. Pakamwa pa galu ndi mphaka sitigwirapo. Mwana asasewere ndi galu amene akudya, amene ali ndi ana, kapena wachilendo.

Malovu a galu wodwala amapatsira chiwewe. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka, munthu sachira. Koma matendawa amapeweka. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musamatepo mankhwala azitsamba. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, monga chachikulu cha Chiradzulu kapena cha Nguludi, ndipo akalandire jakisoni yense amene adokotala anena. Uzani ana kuti akalumidwa asabise poopa kukalipidwa. M'zaka za 2016 ndi 2017 bungwe la Mission Rabies lidayenda m'boma lino kubaya agalu katemera. Katemera wotere akafika m'mudzi, galu wanu asatsale.

Amayi ndi abambo, m'mera mpoyamba. Sabata ino chitani zinthu ziwiri. Werengani mano a mbuzi imodzi pamodzi ndi mwana wanu, mulembe zaka zake m'kope. Kenaka yang'anani m'kamwa mwa mwanayo, muone ngati mano 4 a kumbuyo aja amera, ndiponso ngati ali bwino. Tikakumananso, aliyense adzatiuze zimene wapeza. 

Mafunso okambirana

1. Kodi mbuzi ya mano aakulu 4 akutsogolo ili ndi zaka zingati?
2. Chifukwa chiyani khoswe amangoteketa zinthu?
3. Ndi mano ati a mwana amene makolo ambiri amayesa kuti adzaguluka?
4. Tchulani zinthu ziwiri zoyenera kuchita mwana akalumidwa ndi galu.