Pamene Onse Akukufunani

Kuwerenga kwa lero: Marko 1:32-39

 Lero ndilankhula ndi Mkhristu wochezeka, amene mtima wake umatsitsimuka akakhala pagulu, koma akatsala yekha amangomva ngati wadwala. Ine ndine mmodzi wa anthu otere.

Kukonda anthu si tchimo ayi. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi ya golide ya Cam and Motor ndi Dalny, kale Kadoma ikutchedwa Gatooma ndi Chegutu ikutchedwa Hartley, maina asanasinthidwe mu 1982, anapirira chifukwa chodalirana. M'komboni munthu sankadwala yekha, ndipo akamwalira ankaikidwa ndi anzake ngati mbale. Kwa mtchona, kukhala payekha kunkadzutsa chisoni cha kumudzi, choncho macheza anali mankhwala. Mtima umenewu ana awo tinautengera, ndipo ndi chuma. Koma chuma chomwechi chikhoza kutitseka makutu kuti tisamve Mulungu.

Taonani Yesu ku Kapernao. Dzuwa litalowa, mudzi wonse unasonkhana pakhomo, ndipo Iye anachiritsa odwala ambiri. Sanali munthu wothawa anthu: ankadya nawo, ankapita ku ukwati, ankanyamula ana. Komabe m'bandakucha, kukadali mdima, anadzuka napita kumalo kopanda anthu kukapemphera. Simoni ndi anzake anamufunafuna, ndipo atamupeza anamuuza kuti aliyense akumufuna. Kodi inu ndi ine tikadatani? Tikadathamangira komweko, pakuti kufunidwa ndi anthu kumakoma. Koma Yesu anasankha kupita kumidzi ina kukalalikira. Ali payekha ndi Atate anamvetsa koyenera kupita, ndipo mawu a khamu sanamusokoneze.

Apa ndiye pagona nkhani, m'bale wanga. Munthu amene sakhala payekha ndi Mulungu amatsogoleredwa ndi aliyense amene wamuitana. Ine zinandichitikira. Panali nthawi imene ndinkachoka pamaliro kupita ku msonkhano, kuchoka ku msonkhano kupita ku kwaya, osasowa paliponse. Tsiku lina mayi wina woferedwa anandipempha kuti ndimupempherere. Pakamwa panga mawu ankatuluka, koma mumtima munali mouma. Ndinkalankhula za Mulungu amene kwa masabata ambiri ndinali ndisanakhale naye pansi.

Amayi a kumudzi amadziwa kuti chitsime chikatungidwa tsiku lonse, pofika madzulo mumatsala matope. Chikagona usiku osavundulidwa, m'mawa madzi amakhala atabwerera ndi kudikha. Mtima wanu ndi chitsime chotere. Ku Sanyati kuli chipatala cha mpingo wa Baptist chimene chinatsegulidwa mu 1953. Namwino Wachikhristu wapamenepo, mlimi wa thonje, wamalonda pamsika wa Rimuka, nonsenu anthu amatunga kwa inu. Nanga inu mumadzazidwa nthawi yanji?

Mwina mukuti, "Abusa, nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri ndipo tilimo ambiri." Yesu nayenso anagona pamalo odzaza anthu, n'chifukwa chake anatuluka panja. Yambani ndi mphindi 15 ena asanadzuke. Khalani kuseri kwa nyumba kapena pansi pa mtengo kumunda, foni muisiye m'nyumba. Popeza ndinu wokonda kulankhula, werengani Salimo limodzi mokweza ndipo muuzeni Atate zonse monga mumachitira ndi bwenzi. Mukatha, khalani chete. Poyamba maganizo adzathamangira kwa anthu. Musataye mtima, atchuleni maina pamaso pa Mulungu, kenaka mudikirenso.

Mulungu sakufuna kukusandutsani munthu wosachezeka. Akufuna kuti pobwerera kwa anthu, mubwerere ndi madzi oyera.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani potipatsa mtima wokonda anzathu. Tikhululukireni pamene taika mawu a anthu patsogolo pa mawu anu. Tidzutseni m'mawa, mutikhazike chete pamaso panu, ndipo mutitume kumene Inu mukufuna. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.