Mnzanu wa pa Sukulu Musamtaye

Tisanayambe phunziro lathu, ndifuna mucite cinthu cimodzi. Yang'anani mnzanu amene wakhala kudzanja lanu lamanja. Tsopano yang'anani amene ali kumanzere. Mwawaona? Cabwino. Funso langa ndi ili: kodi patapita zaka 50, mudzadziwa kumene anthu awiriwa ali? Kodi iwo adzadziwa kumene inu muli? Lero tikambirana za anthu amene anaphunzira pamodzi kalekale m'masukulu a sekondale a kuno ku Chipata ndi madera ozungulira, za zimene amakumbuka, ndiponso za m'mene asungira ubwenzi wao kufikira ukalamba.

Mwina ena a inu munaonapo cinthu cotere pa msika wa Kapata, pa siteshoni ya mabasi, kapena pa maliro. Akuluakulu awiri aimvi akumana. Wina watsika m'galimoto, wina ali kukankha njinga imene wamangapo thumba la nsawa. Ayang'anana kanthawi, kenaka afuula, nagwirana manja osafuna kulekana. Codabwitsa n'cakuti agogo anu, amene mudzi wonse uwapatsa ulemu ndi kuwachula kuti "inu", mlendo uja angowauza kuti "iwe", ndi kuwaitana ndi dzina loseketsa limene inu simunalimvepo. Agogo anu osakwiya ai, koma kuseka mpaka misozi. Mukaona zotere, dziwani kuti awiriwo anagona m'nyumba imodzi pa sukulu, ndipo anadyera m'mbale zofanana.

Kuti timvetse cifukwa cake ubwenzi umenewu uli wolimba, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'masiku a atsamunda, pamene Chipata anali kuchedwa Fort Jameson, masukulu oyamba anali a mishoni. A Dutch Reformed Church anafika pa Magwero m'caka ca 1899, ndipo pambuyo pake anatsegula Madzimoyo ndi malo ena. Koma masukuluwo anali a maphunziro oyambirira. Sukulu ya sekondale ya boma yoyamba ya anthu akuda m'dziko lathu inali Munali, ku Lusaka. Mnyamata wa kuno kum'mawa amene anasankhidwa kupita ku Munali anali kuyenda ulendo wa makilomita oposa 500 pa mseu wafumbi, kuwoloka Luangwa, ndipo makolo ake sanali kumuonanso kufikira nthawi ya chuthi. Mmodzi wa anyamata amene anaphunzira ku Munali m'zaka za m'ma 1950 anali a Rupiah Banda, amene anadzakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira 2008 kufikira 2011.

Pamene Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964, dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a ku yunivesite, ndi ongopitirira 1,000 amene anatsiriza sekondale. Motero boma latsopano linafulumira kumanga masukulu a sekondale m'maboma osiyanasiyana, ndipo m'caka ca 1966 linatsegula University of Zambia. Ana a cigawo cathu anali kupita ku Chizongwe, sukulu ya anyamata ya ku Chipata. Ku St Monica's, sukulu ya atsikana ya Akatolika. Ku Chassa, kufupi ndi Sinda, kumene kunali kuphunzitsa abale a Marist. Ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Chadiza. Ngakhale zinali tero, malo anali ocepa. Mwa ana ambiri amene analemba mayeso a Giredi 7, owerengeka okha ndiwo anapeza malo m'Fomu 1.

Ambiri a masukulu amenewa anali ogonera komweko. Taganizani mwana wa zaka 14 amene sanagonepo kunja kwa mudzi wao. Wanyamula bokosi lacitsulo, bulangeti, mbale, kapu ndi cikwakwa, ndipo amai ake am'mangira nsawa zokazinga m'kansalu. Usiku woyamba ali kulira mwakacetecete, ndipo amva kuti pa bedi loyandikana nalo winanso ali kulira. Wina ndi Mngoni wa kwa Mpezeni, wina Mcewa wa kwa Kawaza, wina Mnsenga wa ku Petauke, wina Mkunda wa ku Mambwe, wina Mtumbuka wa ku Lundazi. Poyamba anali kusekana kalankhulidwe. Pofika Fomu 5 anali atakhala ngati a mimba imodzi.

Nanga akakumana lero, amakumbutsana ciani? Mungaganize kuti amakamba za masamu ndi za mayeso. Iai, zimenezo zimabwera pambuyo. Coyamba amakumbutsana za nsima ya nyemba ya tsiku ndi tsiku, ndi cimwemwe ca tsiku la nyama. Amakumbutsana za belu la m'mamawa m'mwezi wa June, pamene madzi osamba anali kuluma ngati singano. Za kuchecha udzu pa bwalo. Za munda wa sukulu. Za mpira wolimbana ndi sukulu ina, ndi nyimbo zimene anali kuimba m'lole pobwerera. Amachula aphunzitsi ao mmodzimmodzi, ena a mwa iwo ocokera ku Britain, ku Ireland ndi ku India, popeza aphunzitsi a m'dziko muno anali asanacuruke. Mphunzitsi amene anali kumuopa koposa ndiye amene amam'chula ndi ulemu waukulu. Koma cimene saiwala konse ndi cifundo cacing'ono: uyu anandibwereka malaya pamene anga anang'ambika, uyu anandigawira shuga, uyu ananditengera cakudya ndili kudwala malungo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Supuni imodzi ya shuga imakumbukika patapita zaka 50.

Atatsiriza Fomu 5 anabalalika. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, otsiriza sekondale anali kuyamba apita ku National Service kwa miyezi 20, kukaphunzira za usilikali ndi ulimi m'misasa yonga Chiwoko ku Katete. Pambuyo pake ena anapita ku migodi ya ku Kitwe, Luanshya ndi Mufulira, ena ku maofesi a ku Lusaka, ena anakhala aphunzitsi, anamwino ndi apolisi. Boma linali kutumiza anchito ake ku cigawo ciri conse, kotero kuti wa ku Chadiza anali kukapezeka ku Mongu kapena ku Mansa. Atsikana ambiri atakwatiwa anayamba kudziwika ndi maina a amuna ao, ndipo ici cinacititsa kuti kuwafunafuna kukhale kobvuta.

M'masiku amenewo kunalibe lamya ya m'manja. Amene anafuna kusunga mnzake anali kugula pepala, envulopu ndi sitampa, nalemba kalata, naiponya ku positi, nadikira yankho masabata awiri kapena atatu. Ena anali kupatsira moni pa wailesi. Ena anali kupatsa kalata munthu wokwera basi ya UBZ yopita ku Lusaka. Ambiri anali ndi kabuku kakang'ono kolembamo makeyala a anzao, ndipo munthu akasamuka osauza anzake keyala yatsopano, ubwenzi unali kuduka pomwepo, popanda ndeu, popanda mau oipa. Apa pali phunziro lalikulu, ana inu. Ubwenzi uli ngati njira ya ku munda. Simufunikira kuitseka ndi minga kuti ife. Mungoleka kuyendamo dzinja limodzi, udzu umera.

Lero lamya za m'manja zafewetsa zinthu. Amene anatsiriza Fomu 5 m'caka ca 1975 anakwanitsa zaka 50 cicokere pa sukulu m'caka ca 2025, ndipo ambiri otere apezananso mwa kufunsana manambala, uyu kuuza uyu. Ena amapangana kukumana pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa February, kapena pa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa August, pamene a kutali amabwera kwao. Koma lamya payokha sisunga mnzako. Munthu angathe kukhala ndi nambala ya mnzake caka cathunthu osaiimba.

Tsopano ndikuuzeni zinthu ziwiri zimene zimapha ubwenzi wa pa sukulu koposa mtunda. Coyamba ndi kunyada, caciwiri ndi manyazi, ndipo ziwirizi zimayendera pamodzi. Ana amene anabvala yunifomu yofanana sakhala ofanana m'moyo. Wina akhala dokotala, wina nchito imuthera, nabwerera ku mudzi kukalima. Uyu wa galimoto ayamba kuganiza kuti mnzake akabwera ndiye kuti wadzapempha. Uyu wa njinga ayamba kubisala, kuopa kuti amuona nsapato zake. Motero pa tsiku lokumana, amene afika ndi okhawo amene zinthu zinawayendera bwino, ndipo amene afunikira anzake koposa ndiye amene kulibe. Makolo athu anali ndi dzina la ubwenzi wotere: ubwenzi wa nkhwangwa, wokoma pokwera. Munthu aikoleka nkhwangwa pa phewa pokwera mtengo, koma akatsiriza kudula aiponya pansi.

Ngakhale anthu ochuka anakumana ndi mayeso a ubwenzi. Kumpoto kwa dziko lathu, ku Chinsali, a Kenneth Kaunda ndi a Simon Kapwepwe anadziwana ali ana pa mishoni ya Lubwa. Anamenyera ufulu pamodzi, ndipo a Kapwepwe anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira 1967 kufikira 1970. M'caka ca 1971 anasiyana pa ndale, a Kapwepwe nayamba cipani cao, ndipo m'caka ca 1972 anatsekeredwa m'ndende. Anabwerera ku cipani ca UNIP m'caka ca 1977, namwalira mu January 1980. Nkhani imeneyi itiphunzitsa kuti kukulira pamodzi sikutanthauza kuti simudzasiyana maganizo. Itiphunzitsanso kuti nthawi yokonza zinthu ndi mnzako ili ndi malire.

Akuluakulu amene tiri kukamba za iwo adziwa bwino za malirewo. Akakumana amawerengana, ndipo caka ndi caka ciwerengero cimacepa. Ambiri a msinkhu wao anamwalira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene matenda a Edzi anafala m'dziko muno mankhwala otalikitsa moyo asanapezeke, ndipo anasiya ana amasiye. Pamenepo ubwenzi weniweni unaoneka. Panali ena amene anasonkha ndarama za bokosi, nagona pa maliro, ndipo maliro atatha anapitiriza kulipirira mwana wa mnzao ku sukulu. Ndiko kuzimira mnzako ndebvu zikapsa. Enanso amakumbukira sukulu imene inawalera: amagula mabuku, amakonza madenga ndi mipope ya madzi, amabwera kudzalankhula ndi ana. Kuyambira 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira kumapeto kwa sekondale, ndipo ana m'makalasi acuruka. Cotero desiki limodzi loperekedwa ndi wophunzira wakale liri ndi nchito yaikulu.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga ife a pulaimale zitikhudza bwanji?" Zikukhudzani kwambiri. Tsiku lidzafika pamene kalasi lanu lidzagawika. Ena adzapita ku sukulu iyi, ena ku sukulu ina, ndipo ena mwina adzatsala ku mudzi. Inu amene mudzapita, musadzabwere pa chuthi ndi Cingelezi cokhacokha, kulephera kupatsa moni mnzanu amene muli kugawana naye pensulo lero. Inu amene mudzatsala, musadzathawe mukamuona ali kubwera. Ndipo kumbukirani kuti zimene mucitira anzanu tsopano ndizo zimene adzakukumbukirani nazo. Wobvuta ana ang'onoang'ono amaiwala zimene anacita, koma wobvutidwayo saiwala, ngakhale atamera imvi.

Kwa inu aphunzitsi, nazi nchito zitatu zimene mungacite ndi ana wailesi ikatsekedwa. Yoyamba: mwana ali yense akafunse munthu wamkulu kwao maina a anzake atatu a pa sukulu, kumene ali tsopano, ndi tsiku limene analankhula nao komariza. Mawa adzafotokozere kalasi. Yaciwiri: ana alembe kalata kwa mnzao amene anasamukira ku sukulu ina, yokhala ndi keyala, tsiku, moni, nkhani ndi mau otsiriza, ndipo muyesetse kuti kalatayo ifikedi. Yacitatu: sungani buku limodzi la maina a ana onse otsiriza pa sukulu panu caka ndi caka, pamodzi ndi midzi yao ndi mafumu ao. Keyala ya m'tauni imasintha, nambala ya lamya imatayika, koma mudzi wa munthu susamuka kawirikawiri. Ngati kuli kotheka, itanani wophunzira wakale wa pa sukulu panu, kaya ndi mlimi, kaya ndi namwino, adzakambe ndi ana.

Tsopano yang'ananinso mnzanu uja wa kudzanja lamanja, ndi uja wa kumanzere. Kodi mudziwa dzina la mudzi wao? Ngati simudziwa, muwafunse lero musanaweruke, ndipo mulembe kumapeto kwa kope lanu. Tsalani bwino, ana inu, tsalani bwino aphunzitsi, kufikira tidzakumanenso pa phunziro lotsatira.