Ndalama yoimikira galimoto ikudya mpamba wa amayi: zomwe tinayankhula pamsonkhano wa amayi a mashopu



Ena atifunsa kuti nkhani yoimika galimoto ikukhudzana bwanji ndi ufulu wa amayi, poti ambirife tilibe ngakhale njinga. Yankho lili pakhomo pa mashopu athu. Tayendani mumsewu waukulu wa tauni ino muone amene ali m'saluni, m'golosale, m'malesitilanti, pa makina osokera. Ndi amayi, ndipo ambiri mpamba wake ndi wa ngongole ya banki m'khonde yofunika kubweza sabata ndi sabata.

Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kulipiritsa galimoto yoima mumsewu kunayamba kale. Pano kwafika kwathu kuno. Koma bizinesi yathu ndi ya zinthu zing'onozing'ono. Munthu amaima kuti agule buledi, mayunitsi, sopo mmodzi, kapena atenge diresi kwa telala. Mphindi zisanu basi. Akaona kuti alipira chimodzimodzi ndi amene waima ola lathunthu, saimanso. Amapitirira kukagula kusitolo yaikulu yomwe ili ndi bwalo lakelake loimikapo ulere. Ndalama ya kasitomalayo sinapite kukhonsolo, yangochoka kwa mayi n'kupita kwa mwini sitolo yaikulu.

Ndiye pali galimoto zobweretsa katundu. Woyendetsa akalipira poima, mtengowo amauika pa katoni ya mafuta ophikira, ndipo womaliza kulipira ndi ife. Pamenepo n'kuti talipira kale layisensi ya bizinesi ndi lendi, ndipo anzathu a mumsika amadula chiphaso tsiku lililonse.

Tisanamizane, ubwino ulipo. Tonse tikuidziwa galimoto ija yomwe inkaima pakhomo pa shopu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kutseka ngakhale chikwangwani. Chindapusa chaithamangitsa, ndipo sitikuilira. Komanso khonsolo imafuna ndalama zochotsera zinyalala ndi kukonza ngalande. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limaipatsa mphamvu yotolera ndalama ndi kupanga malamulo akeake. Sitikukana kulipira. Tikukana kuti lamulo lokhudza malonda athu lipangidwe ife osafunsidwa.

Choyamba chomwe tikupempha ndi chakuti mphindi 15 zoyambirira zikhale zaulere. Wogula buledi aime, agule, azipita. Wofuna kukhalitsa alipire. Galimoto za katundu zipatsidwe nthawi yake m'mamawa yotsitsa osalipira. Ndipo aliyense wotolera ndalama avale yunifolomu ndi kupereka lisiti, chifukwa makasitomala ena sathawa mtengo, amathawa kukangana ndi munthu wosadziwika amene akuti ndi wa khonsolo.

Tikufunanso kudziwa kuti zatoleredwa zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Uku si kupempha chifundo ayi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo makhonsolo ali momwemo. Ngati ndalamazo zilipo, chimbudzi cha amayi pamsika chili kuti? Nanga magetsi a mumsewu oti tiziweruka madzulo opanda mantha?

Pepala likuzungulira. Lembani dzina la shopu ndi mtundu wa malonda. Amene muli ndi kope la maakaunti, tionetseni zomwe munkagulitsa miyezi itatu chindapusa chisanayambe ndi miyezi itatu chitayamba. Kwa a khansala tikapita ndi manambala amenewo, ndipo tikufuna amayi asanu odzipereka kutsagana nafe. Kwezani manja tikuoneni.