Chimanga ndi Tizizindikiro Totontholetsa DNA

Pulogalamu ya zachilengedwe ya lero ikunena za chimanga chimene chimadzaza minda ya ku Chipata, Katete ndi Lundazi m'dzinja, makamaka za ntchito imene imachitika m'maselo ake, tizipinda tating'onoting'ono timene timapanga thupi la chomera. M'selo lililonse muli DNA, ulusi wosunga malangizo a chibadwa, ndipo akatswiri atawerenga DNA ya chimanga mu 2009 anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ndi tizidutswa tamtundu wotha kuchoka pamalo pake kapena kudzichulukitsa n'kukalowa pena. Barbara McClintock ndiye anayamba kuzindikira tizidutswati poyang'ana njere zamathothomathotho, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1983.

Tizidutswati tikanasiyidwa tokha, bwenzi tikusokoneza malangizo ofunika, choncho selo limatimanga monga momwe mlimi amamangira mbuzi mmera ukatuluka. Limachita zimenezi pomata pa DNA kachizindikiro kotchedwa methyl, kopangidwa ndi atomu imodzi ya kaboni ndi maatomu atatu a haidrojeni, ndipo malo amene amatidwa kwambiri nthawi zambiri sawerengedwanso.

Funso lovuta linali lakuti selo limadziwa bwanji pomata kachizindikiroko koyamba, pamene panalibe chilichonse. Yankho linayamba kuoneka mu 1994 ku Germany, ndipo n'zochititsa chidwi kuti linachokera mu fodya, mbewu imene alimi a kuno kum'mawa amaidziwa bwino: Michael Wassenegger ndi anzake anaona kuti RNA, yomwe ndi kope la malangizo a DNA, ndiyo imalozera malowo. Pambuyo pake zinadziwika kuti selo limakopera kachidutswa kosokonezako, limaduladula kopelo kukhala tizidutswa ta zilembo 24, ndipo timeneti timatsogolera mapuloteni omata methyl kukafika pamalo ofanana nato ndendende.

Ofufuza amatsimikizira zimenezi m'zomera zamoyo. Chimanga chimene malangizo ake otchedwa mop1 anawonongeka sichipanga bwino tizidutswa ta RNA tija, motero tizidutswa tina ta DNA timene tinali chete timadzukanso, ndipo zomera zina zimapinimbira kapena kuchedwa kumasula. Nkhaniyi ikuwakhudza obereketsa mbewu, monga a pamalo ofufuzira zaulimi a Msekera, chifukwa tizizindikiro tina timadutsa m'njere kupita ku mbewu ya chaka chotsatira ngakhale zilembo za DNA zisanasinthe.