Mankhwala Oteteza ku HIV Asamaone Nkhope

(Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa zaumoyo ku Mchinji)



Mwezi watha mnyamata wina wa ku Kamwendo anandiuza kuti akuopa kukatenga PrEP, mapiritsi amene munthu wopanda HIV amamwa tsiku ndi tsiku kuti asatenge kachilomboka. Iyeyu amagonana ndi amuna anzake. Atapita kuchipatala koyamba, namwino anamuchititsa manyazi pagulu. Sanabwererekonso.

Lamulo ndikulidziwa. Ndime 153 ya malamulo a milandu imalola chilango cha zaka 14 kundende, ndipo mu June 2024 khoti linakana kuichotsa. Komatu palibe lamulo loletsa munthu kulandira mankhwala.

Enanu munathawira ku Chipata nthawi ya chipani chimodzi. Kuwawa kokhala mobisala mukukudziwa. Ena mwa amunawa ali ndi akazi pakhomo. Tikawapirikitsa kuchipatala, kachilombo kakalowa m'mabanja athu omwe.

Pempho langa nali: tiwayeze magazi m'chipinda chotseka, tiwapatse mankhwala, tisunge chinsinsi chawo. Ufulu umene tinavotera mu 1993 unali wa tonse.