Udzu wambiri, ng'ombe yowonda: tiyang'ane msipu ndi maso a ng'ombe

Alimi anzanga, amayi ndi abambo a sukulu yathu ya m'munda, ndiyambe ndi funso. Mwezi wa Epulo tsekera amatalika kuposa munthu m'madambo a Bua ndi Rusa, koma pofika Juni ng'ombe zimayamba kuonetsa nthiti zili pakati pa udzu womwewo. Chimakhala chavuta n'chiyani?

Yankho lili m'kamwa mwa ng'ombe. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo kumwamba. Imakulunga udzu ndi lilime, n'kuupanikiza pa nkhama, n'kudula pokoka mutu. Ndiye imakhuta malinga ndi zomwe lilime lakola pa kuluma kumodzi. Pa tsiku imadya maola pafupifupi 8, nthawi yotsala imafuna kubzikula ndi kupuma. Ng'ombe yathu yachikuda yolemera makilogalamu 250 imafuna udzu wauwisi wokwana makilogalamu 25 kapena kuposerapo tsiku lililonse. Ngati pa kuluma kulikonse ikupeza tochepa, dzuwa lilowa isanakhute. Tionjezepo chizolowezi chathu chotsekula khola dzuwa litakwera kale, n'kubweza ziweto lisanapendeke kwenikweni. Maola aja timawadula ndife.

Choncho poyang'ana msipu musamangoti udzu ulipo. Onani kutalika kwake, kuthithikana kwake, ndiponso ngati wachuluka ndi masamba kapena mapesi.

Udzu waufupi kwambiri, monga kapinga wa pafupi ndi khola kapena pa chitsime, lilime silingaukole. Mbuzi ndi nkhosa zimaubudula ndi milomo mpaka pansi, koma ng'ombe imangonyambita dothi. Udzuwo nawo umavutika. Tsamba ndilo khitchini ya udzu, ndipo mukamalidula likangotuluka, mizu imafupika, chitsa chimafa, pamatsala dazi pomwe madzi amathamanga n'kuyamba chigwembe. Palinso china: tiana ta njoka za m'mimba tochokera mu ndowe timakhala kunsi kwa udzu, chifupi ndi nthaka. Chiweto chodya mopalasa pansi ndicho chimatimeza tambiri.

Udzu wautali ndiwo umatinyenga kwambiri, ndipo apa ndikhalitsapo. Tsekera akamasula ngayaye, chakudya chake chimasamukira ku phesi ndi ku njere, masamba amakhala apataliapatali, apansi atauma kale. Ng'ombe imalowamo n'kumasankha tsamba limodzilimodzi, kwinako ikupondaponda. Zomanga thupi zikatsika kufika pansi pa magawo 7 pa 100 alionse, tizilombo tam'chifu tomwe timagaya udzu timafooka, chakudya chimachedwa kutsika, ndipo ng'ombe imasiya kudya chifu chili chodzaza ndi zinthu zosapindulitsa. Udzu wotere ngwabwino kufolera nyumba ndi zigafa za fodya. Umwetedwe, ugwire ntchito yake, koma tisamauwerengere ngati chakudya. M'menemo ndi momwenso nkhupakupa zimadikira ziweto.

Msipu wonenepetsa uli pakati: wofika pa msongolo kapena pa bondo, masentimita 30 mpaka 40, wothithikana, wamasamba okhaokha. Lowetsani ng'ombe pamenepo, ndipo muzichotse udzu ukatsika kufika chapamwamba pa kakolo, masentimita 10 mpaka 15. Nthawi ya dzinja mupapatse masabata 4 mpaka 6 kuti paphukenso. Amene munadzala Rhodes kapena nsenjere m'mbali mwa munda, lamulo ndi lomweli: nsenjere ikasanduka bango, ng'ombe imangothothola masamba n'kukusiyirani ndodo.

Mwina mwaonapo dambo looneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha, apa pafupi, apo zitsotso zazitali. Ng'ombe zimabwerera pomwe zinadya dzana chifukwa pali tofewa, n'kumapewa pokhwima ndi pomwe pali ndowe. Mapeto ake malo amodzi akufa ndi kudyedwa mopitirira, ena akuonongeka posadyedwa. Kuonjezera malo sikuchiza zimenezi. Mankhwala ake ndi kugawa dambo m'zigawo, ziweto zonse zidye chigawo chimodzi masiku ochepa kenako zisunthe. Ndikudziwa kuti dambo si la munthu mmodzi, ndipo madimba akulipanikiza chaka ndi chaka. Nkhaniyi ifike kwa a mfumu, eni ziweto onse agwirizane, ndipo anyamata oweta auzidwe bwino, chifukwa ndodo ili m'manja mwawo.

Za lupsa ndinene pang'ono. Tiudzu tophuka pamoto timakoma, koma n'tochepa zedi, ndipo chitsa chimatitulutsa pogwiritsa mphamvu yomwe chinasungira mvula. Kuno ku Mchinji tili ndi mwayi wa masangwi a mtedza ndi zotsalira za soya. Tizisunge pa thandala mumthunzi, kuti pofika Okutobala ndi Novembala ng'ombe za pangolo zikhale ndi mphamvu, zoyamwitsa zisagwe.

Tsopano tipite kudambo m'magulu atatu. Gulu loyamba pa udzu waufupi, lachiwiri pa wofika pa bondo, lachitatu mu tsekera. Yezani kutalika ndi ndodo malo 10, mulembe. Kenako mmodzi akhale ng'ombe: athothole udzu ndi dzanja limodzi, osagwiritsa chikwakwa, kokwana 30, aike mu thumba. Tikabwerako tithira pa mphasa, tipatule masamba auwisi kwaokha, mapesi ndi zouma kwaokha. Mlembi wa gulu lililonse ajambule milu iwiriyo pa pepala lalikulu, ndipo tidzabwereza pamalo omwewo pakatha masabata 4.